Natale Imene Inagwa pa Sabata

Mpaka lero ndikamva fungo la nkhumba ikuwaulidwa pamoto wa udzu, mtima umandithawa. Ndikhoza kukhala ndili pamsika wa ku Moatize, mayi wamkulu ndi jumbo yanga m'manja, koma fungolo likangondipeza ndimabwerera kuseri kwa nyumba ya agogo anga ku Zobue, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditafumbata duku loyera la amayi. Anzanga amakumbukira Khirisimasi ya ubwana wawo ndi mpunga wa nyama ndi diresi latsopano. Yanga inagwa Loweruka, ndipo kwa ife Loweruka silinali tsiku wamba.

Amayi, a Nambewe, anali a ku Neno, ndipo anali osunga Sabata enieni, osati oyerekeza. Dzuwa likalowa Lachisanu moto unkazima pakhomo pathu mpaka litalowanso Loweruka. Zakudya zonse ankaphikiratu Lachisanu, tsiku lokonzekera, ndipo pa Sabata tinkadya zozizira titayamika Mulungu. Nkhumba sitinkaidya, sitinkaikhudza, ndipo mbale imene yakhalamo tinkaiyang'ana cham'mbali. Khirisimasi nayo tinkangoimvera kwa anansi. Bambo anali Mkatolika wa ku Mozambique, wa banja la Anyungwe. Anabwera ku Malawi ali mnyamata, kuthawa nkhondo pamodzi ndi makolo awo. Nkhondo itatha makolowo anabwerera n'kukakhazikika ku Zobue, iwo n'kutsala chifukwa cha amayi, nakhala mkamwini. Za chipembedzo sankalimbana ndi munthu. Loweruka ankadya nafe mkute osadandaula, ndipo nkhumba yawo ankakadyera kumsika, n'kutsuka mkamwa asanalowe m'nyumba.

Kenako malasha anaitana. Ku Moatize kunatseguka mgodi waukulu, ndipo aliyense wodziwa kugwira chiwongolero ndi kulankhula Chipwitikizi anathamangira komweko. Bambo ankayendetsa lole yonyamula manachesi ku Mwanza, ziphaso zawo zinali za kwawo, ndiye anapita. Poyamba ankabwera mwezi ndi mwezi, ali ndi shuga ndi nsomba zouma za mu Zambezi. Kenako kunali kubwera pakapita miyezi itatu. Chaka chimene ndikunenachi tinakolola, tinapalira mizere, mvula inagwa, chimanga chinafika m'mawondo, tisanawaone. Foni yawo inkalira osayankhidwa, ndipo ikayankhidwa ankati ali pantchito.

Sabata ina itatha amayi anandiuza kuti, "Linesi, tikupita kukatenga bambo ako." Malume anayesa kuwaletsa, amvekere fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Amayi anapitiriza kulongedza. Anamanga mpunga wa kilombero m'kathumba, anagwira nkhuku ziwiri zonenepa, nachapa duku lawo loyera la pa Sabata. Munthu amene sanachitepo Khirisimasi chibadwire anali kupita kukachita Khirisimasi kwa apongozi, kumene anafikako kamodzi kokha, pamaliro a agogo aamuna, ine ndili kumsana.

Tinadutsa malire Lachitatu m'mawa, ndipo sitinaime pa Zobue. Tinakwera shapa, minibasi ya kumeneko, n'kutsetsereka kulowera ku Moatize. Mapiri obiriwira anatsala kumbuyo, malambe anayamba kuoneka, ndipo kutentha kunalowa m'galimoto ngati wina watsegula uvuni. Nkhuku zinayasama. Pofika m'tauni, fumbi linali lakuda. Linali pamasamba a mango, pamadenga, m'makwinya a khosi la mwana amene anakhala pafupi nane. Amuna ovala maovolosi ofiira ngati lalanje anali paliponse. Tikufunsa njira ya ku 25 de Setembro, dera limene bambo ankakhala, kunamveka kuphulika kuchokera kumgodi cha ku Chipanga, pansi panagwedezeka, ine ndinakakamira chitenje cha amayi. Mayi amene ankatilozera njira sanadukize n'komwe chiganizo chake.

Nyumbayo inali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ina. Pachingwe panali ovolosi ya bambo, ndipo pambali pake panali zitenje zitatu, zimene kumeneko amati makapulana, ndi kabulauzi kachikasu. Pakhomo panakhala mtsikana woyembekezera, wamng'ono kwa amayi, akusankha nyemba. Kumapazi anavala mapatapata aakulu abuluu amene amayi anagulira bambo pamsika wa ku Neno. Anatipatsa moni wa Chinyungwe, "Muli tani?", natibweretsera madzi atagwada. Bambo anatuluka m'chipindamo ali ndi tulo m'maso, popeza anagwira ntchito mpaka m'mawa. Atationa anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anandinyamula, nati ndakula, nati uyu ndi Selesita, amabwera kudzawachapira zovala. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse, mpaka ndinamumvera chisoni kuti akuchapa maovolosi olemera ali ndi mimba yotero. Amayi anamwa madzi onse m'kapu, maso ali pachingwe.

Tsiku lomwelo bambo anatikweza shapa ina. "Kuno n'kochepa," anatero. "Pitani kwa amayi ku Zobue. Ine ndibwera pa Natale." Ndi mmene amaitchulira Khirisimasi kumeneko. Njira yonse yokwera amayi anakumbatira dengu la nkhuku. Ndinawafunsa kawiri ngati bambo abwereradi nafe ku Neno. Kachiwiriko anangondikonzera kolala ya diresi.

Ku Zobue kunali kozizira bwino, nkhungu ikutsika m'mapiri masana omwe. Minda ya kabichi ndi kachewere inafika mpaka pakhomo, ndipo kumsewu malole anandanda kudikira kuwoloka malire. Agogo, amene adzukulu ankawatcha avo Marita, anali aafupi, olankhula mokweza, makiyi atamangirira pakapulana. Ankagulitsa kachewere pamsika wa pamalire pamodzi ndi mlongo wa bambo, atiya Rozita. Pakhomopo panali adzukulu asanu, ndipo onse ankadya m'mbale imodzi yaikulu yamalata, pakhonde la avo, iwo akuwayang'anira ngati wapolisi. Wobwera mochedwa ankamuitana ndi dzina, ndipo palibe ankayamba kudya asanakwane.

Ife sitinakhale pakhondepo. Ndiwo za tsiku loyamba zinakazingidwa ndi mafuta a nkhumba, ndipo amayi anapepesa atagwada kuti ife sitidya. Avo sanakwiye. Anatiwiritsira mazira n'kutitumizira m'chipinda chathu, m'mbale zagalasi za alendo. Kuyambira pamenepo tinkadya m'chipindamo, chitseko chitatsekedwa, ine ndikumva asuweni anga akulimbirana nyama panja. Avo sankanditchula dzina. Ankati "mwana wa alendo," ndipo atiya ankati "Mmalawi wamng'ono." Kwa iwo mwana ndi wa kuchimuna, pamene kwathu ku Neno mwana ndi wa malume ake. Ine ndinali pakati, ndipo sindinkadziwa kuti pakati ndi malo oti munthu angagwerepo.

Lachinayi avo anaitana amayi. "Mayi a Linesi, kuno mkazi wa mwana wamwamuna ndiye amaphika Natale. Zaka zonsezi ndaphika ndekha ngati ndilibe mpongozi. Chaka chino kuzinya ndi yanu." Ananena akuloza khitchini yaudzu imene inali pakati pa bwalo. Amayi anawomba m'manja, nkhope yawo inawala koyamba chichokere ku Moatize. Anaona ngati chitseko chatseguka. Palibe amene anawerenga masiku. Kwa avo, Natale inali Natale, igwe tsiku lililonse. Kwa amayi, Loweruka linali Sabata, ndipo chakudya cha pa Sabata chimaphikidwa Lachisanu. Zimenezi sanaganize n'komwe kuti n'zofunika kufotokoza, monga munthu safotokoza kuti madzi amatungidwa ndi ndowa.

Lachisanu pakhomo panali zii. Ndilo tsiku limene kachewere amayenda malonda kuposa chaka chonse, ndiye avo, atiya ndi ana onse analawirira kumsika. Amayi anaphika ngati sadzaphikanso. Mpunga anautsuka katatu, fungo lake linafika mpaka kumunda wa kabichi. Nkhuku anazikazinga mpaka kufiira, n'kuthira tomato ndi anyezi. Anaphika mandasi dengu lodzaza. Ankaimba chapansipansi, ndipo nthawi ndi nthawi ankandilawitsa msuzi pachikhatho n'kundifunsa ngati mchere wakwana. Ine ndinkadziuza kuti bambo akangolawa nkhuku imeneyi, basi, akwera nafe ya ku Neno. Dzuwa litapendeka anavindikira mapoto, kuwakulunga m'zitenje, n'kuwaika pakona m'chipinda chathu. Anazima moto, tinasamba, n'kugwada kulandira Sabata. A kumsika anabwera atatopa, anadya kachewere wowiritsa, ndipo palibe anasuzumira m'chipinda mwathu.

Loweruka tinadzutsidwa ndi kulira kwa nkhumba. Amuna awiri oyandikana nawo anaipha kuseri kwa nyumba, n'kuiwaula ndi udzu, utsi wake wonunkha ubweya unalowa m'chipinda chathu kudzera pazenera. Anaiduladula, naiika m'beseni pakhomo la khitchini, n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Kenako banja lonse linavala bwino n'kupita ku misa. Ife tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi atavala duku lawo loyera, tikuimba nyimbo zathu za pa Sabata chonong'ona, ngati akuba. Beseni lija tinalipatsa msana.

Bambo anafika chakumasana, ali okha, atanyamula kireti ya zakumwa ndi nsapato zanga zatsopano. Nsapatozo zinali zazing'ono. Anagula za phazi limene analisiya tisanakolole. Ndinazivala choncho, zala zitapindika, ndipo ndinawauza kuti zandikwana.

A ku misa anabwera akuimba, ana akuthamangira kukhitchini. Anapeza mafuwa ozizira ndi ntchentche zikuzungulira beseni. Atiya Rozita anafunsa kuti moto uli kuti. Amayi analowa m'chipinda, natulutsa mapoto awo limodzilimodzi, kuwandandalika pamaso pa avo, n'kugwada. Ankamwetulira pomasula zitenje. Atatsegula poto wa mpunga, fungo losasa linatuluka. Chinyezi cha Disembala ndi zitenje zija zinaupweteka. Nkhuku inali itagwira mafuta oyera pamwamba, ndipo mandasi anali atauma. Kwathu zikanadyeka, tikanachotsa wa pamwamba n'kuyamika. Pabwalo paja panali anthu oposa khumi, anansi omwe.

Avo anayang'ana m'mapoto nthawi yaitali. Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa. "Mayi a Linesi, ndinakulakwirani chiyani kuti mundipatse mkute pa Natale, pamaso pa ana anga?"

"Lero ndi Sabata, amayi. Ndinaphikiratu dzulo, monga timachitira."

Amayi anatembenukira kwa bambo kuti awathandize kufotokoza. Munthu amene anadya mkute wa pa Sabata zaka khumi, nthawi zina akuuyamikira, anali atawerama pakireti, akuwerenga mabotolo ngati asowapo. Amene analankhula ndi atiya.

"Achimwene, bwenzi mutangobwera ndi Selesita. Uyo ndiye amaudziwa mphika wa kuno." Pamenepo ndinadabwa kuti ngakhale ku Zobue akumudziwa ndi dzina wochapa zovala uja. Atiya anandiloza ndi mlomo. "Nanga uyu? Kudya kwake n'kwayekha, kupemphera kwake n'kwayekha. Wathu ndi amene ali m'mimbayo. Uyu abwerere kwa malume ake, si ndi mmene amachitira kwawo?"

Ndinayembekezera kuti avo awadzudzule. Avo anangomasula makiyi awo n'kuwamanganso. Ndinayembekezera bambo. Bambo anatsegula botolo.

Amayi anakhala chigwadire kwa kanthawi. Kenako anamasula duku lawo loyera, analipinda kanayi, n'kundipatsa. Anadzuka, analowa m'khitchini mutu uli pambalambanda, anasonkhanitsa nkhuni pamafuwa, napempha machesi. Ndinawatsatira mpaka pakhomo, nsapato zikundiluma.

"Amayi, dzuwa silinalowe."

"Ndaliona."

Moto unayaka. Ndinaima pamenepo ndi duku m'manja, mantha atandigwira. Mitambo inali ikusonkhana paphiri, ndipo ndinkadziwa motsimikiza kuti mphezi ikubwera kudzawatenga. Ndinapemphera pemphero lopusa kwambiri la moyo wanga, kuti Mulungu ayang'ane kaye ku Neno, kuno asaoneko mpaka madzulo. Amayi anachotsa masamba a nthochi pabeseni. Anagwira nyama ija ndi manja awo onse awiri. Sanalire. Ankangodula zidutswa zosafanana, nkhope atatembenuzira kumbali.

Sankadziwa kaphikidwe kake. Anaika poto pamoto n'kutenga botolo la mafuta, ndipo avo, amene ankayang'ana ali pakhonde, anabwera n'kuwagwira dzanja. "Musathire. Nkhumba imadzikazinga ndi mafuta ake omwe." Ananjuta pambali pawo, nawaonetsa zoyamba kuika ndi zotsiriza, adyo ndi mandimu, tsabola pang'ono. Kenako anadzuka n'kuwasiya. Amayi anaphika nkhumba yonse ija, anawiritsa kachewere, anadula kabichi, anaphikanso mpunga wina wa avo. Mvula inagwa pang'ono n'kusiya, ndipo mphezi sinabwere.

Chakudya chinapsa dzuwa likadali m'mwamba. Akuluakulu anakhala pamphasa, ndipo avo anaika mbale yaikulu yamalata pakhonde, n'kuyamba kuitana adzukulu awo mayina. Anaitana asanu. Ine ndinalowera kuchipinda chathu, kumene kunali mandasi athu ouma. Amayi anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali loterera ndi mafuta. Anandikoka kudutsa bwalo lonse, anthu akuyang'ana, anakankha asuweni anga awiri kuti pakhale mpata, n'kundikhazika pansi.

"Khala apa. Idya."

Ndinawayang'ana kuti mwina akunena kachewere. Anasankha chidutswa cha nyama, chachikopa chake, n'kundiika m'manja. Ndinapukusa mutu. Ananditsina kuseri kwa mkono, kutsina kumene sanandichitepo, ndipo anawerama mpaka mpweya wawo kundigunda kukhutu. "Linesi, ndakupempha, idya." Ndinadya misozi ikutsikira m'kamwa. Ndipo ndinene chilungamo chimene ndinachibisa zaka zambiri: inali yokoma. Ichi ndicho chinandimaliza, chifukwa ndinadziwa kuti ndatayika ndi thupi lomwe. Avo anandiyang'ana mpaka nditameza. Kenako anauza msuweni wanga wamkulu kuti, "Sunthira uko, Linesi akhale bwino." Aka kanali koyamba kumva dzina langa pakamwa pawo.

Anthu anadya, anayamikira, wina anati Amalawi amadziwa kuphika akafuna. Amayi sanadye kanthu. Ndinawapeza kuseri kwa nthochi akutsuka manja ndi phulusa, akutsukanso, mpaka zikhatho kufiira. Ndinawapatsa duku lawo. Sanalivale, anangolilowetsa m'chikwama.

Lamulungu m'mawa bambo anakwera shapa ya ku Moatize. Anati ntchito siidikira, anandisisita mutu, nati abwera ku Neno ikatha mvula. Mvula inatha, inabweranso, ndipo sanabwere. Ife tinanyamuka Lolemba. Avo anatiperekeza mpaka pamalire, anandisenzetsa kathumba ka kachewere, nauza amayi kuti, "Shikola ikatsekera mumutumize mdzukulu wanga." Amayi anagwada pamsewu pomwepo, pakati pa malole, n'kuwomba m'manja.

Ine sindinawalankhule njira yonse. Nkhani yake inali yomveka bwino m'mutu mwanga: amayi anaswa Sabata, anandidyetsa chodetsedwa, ndipo Mulungu anatilanga potilanda bambo. Mkwiyo umenewu ndinausunga masabata atatu, kenako ndinakautula kwa mayi wina wamkulu wa mumpingo mwathu. Ndinanena zonse, machesi, beseni, kutsina komwe. Akulu a mpingo anawaitana amayi, ndipo sanakane kalikonse. Ankatsogolera nyimbo za amayi, anawasiyitsa. Kwa miyezi yambiri anakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, atavala duku lamaluwa. Ankadziwa amene anawaneneza. Sanandimenye, sanandifunse, ndipo tchuthi chitafika anandichapira zovala n'kundikweza basi ya ku Zobue.

Ndinapita tchuthi chimenecho, ndi china, ndi chinanso. Ndinaphunzira Chinyungwe ndi Chipwitikizi pambale yamalata ija, ndikulimbirana nyama ndi asuweni anga. Amayi anayamba kudwala ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo sanafike nyengo yokolola. Malume anali ndi ana asanu ndi atatu ndi munda umodzi. Maliro atatha, abale anakhala pansi kukambirana za ine, aliyense akuyang'ana mnzake. Amene anaimirira anali kamayi kakafupi kochokera kutsidya la malire, makiyi ali pakapulana. Anati palibe chokambirana, abwera kudzatenga mdzukulu wawo.

Ndili mwana ndinkati amayi anayatsa moto uja kuti agwire mwamuna, ndipo anataya zonse ziwiri, mwamuna ndi Sabata. Panopa ndimakhala ku 25 de Setembro komwe, ndimayanika zovala zanga pachingwe ngati chija, ndipo ndimadziwa zimene mkazi amawerenga pachingwe cha mwamuna wake. Amayi anali atawataya kale bambo Lachitatu lija, asanamalize kapu ya madzi. Chimene chinatsala choti n'kupulumutsa chinali mpata wa mwana mmodzi pambale ya avo, ndipo anaugula ndi chinthu chokhacho chimene anali nacho. Duku loyera lija ndinalipeza pansi pa chikwama chawo, lopinda kanayi, m'mene ndinawapatsira. Sanalivalenso, ndipo ine sindinawapepese.